Kukwera njinga yamoto muli pa mankhwala a khansa a nthawi yaitali

Funso lakuti munthu wodwala khansa angakwere njinga yamoto kapena ayi lilibe yankho limodzi, chifukwa khansa ili mitundumitundu ndipo mankhwala ake amasiyananso. Bambo amene akumwa imatinib tsiku ndi tsiku chifukwa cha khansa ya m'magazi yotchedwa CML akhoza kukhala zaka zambiri akulima, akugwira ntchito, akukwera njinga yake bwinobwino. Mayi amene wangochoka pa diripi ya paclitaxel masana ano sayenera kugwira mahandulo ngakhale kwawo kutakhala pafupi chotani. Onsewa ali pa mankhwala a khansa, koma chimene chikuwasiyanitsa ndi momwe mankhwalawo akhudzira manja, mapazi, magazi ndi mutu wawo pa tsikulo.

Achibale ambiri akamva kuti khansa amathamangira kubisa makiyi. Amachita zimenezi chifukwa cha chikondi, koma munthu amene adzakhala pa mankhwala zaka zisanu kapena moyo wake wonse sangatsekeredwe m'nyumba nthawi yonseyo. Kwa ena njinga ndiyo imawachotsa nkhawa, ndiyo imawakumbutsa kuti akadali anthu osati odwala chabe. Kwa wa kabaza ndiyo ndiwo za ana. Ndiye m'malo moletsa kapena kulola mwachisawawa, ndi bwino kudziwa zimene zimasokonekera, nthawi imene zimasokonekera, ndi mmene mungaziyezere. Mawu omaliza ndi a dokotala wanu, koma dokotala sangayankhe funso limene simunamufunse, ndipo madokotala ambiri sadziwa kuti wodwala wakhala pamaso pawoyo wabwera pa njinga akuyendetsa yekha. Auzeni tsiku loyamba lomwelo.

Zimene njinga imafuna kwa woikwera

Pa njinga za magiya zimene zadzaza m'misewu yathu, monga Lifo, King Lion, Boxer ndi TVS, chiwalo chilichonse chili ndi ntchito yake. Dzanja lamanja limapotoza moto ndi kugwira buleki yakutsogolo, imene imagwira mbali yaikulu ya ntchito yoimitsa njinga. Dzanja lamanzere lili pa kilatchi. Phazi lamanja limaponda buleki yakumbuyo, lamanzere limasintha magiya. Zonsezi mumachita osayang'ana, chifukwa maso ali pamsewu. Mumadalira kumva kwa zala ndi kwa mapazi kuti mudziwe kuti mwafinya mokwanira kapena mwapitirira. Njinga yotere imalemera makilogalamu opitirira 100, ndipo mukaima pa mchenga kapena potsetsereka, mwendo umodzi ndiwo umanyamula zonsezo.

Palinso nthawi. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola, njinga imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi iliyonse. Ngati kutopa kapena mankhwala zakuchedwetsani ndi theka la sekondi lokha, mwayenda mamita 8 owonjezera musanagwire n'komwe buleki. Mamita 8 amenewo ndiwo mtunda wa pakati pa inu ndi mbuzi imene yadumphira pamsewu, kapena minibasi imene yaima mwadzidzidzi pa siteji. Pa galimoto kulakwitsa kotere kumathera pa bampala. Pa njinga kumathera pa thupi lanu, thupi limene magazi ake mwina sakuundana msanga ndipo mabala ake sakupola msanga.

Dzanzi la m'manja ndi m'mapazi

Pa zovuta zonse za mankhwala a khansa, ili ndilo limakhudza wokwera njinga kwambiri, ndipo limabwera mwakachetechete. Paclitaxel, vincristine, cisplatin ndi oxaliplatin amawononga mitsempha ing'onoing'ono yotumiza uthenga kuchokera ku nsonga za zala. Kuno kwathu nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa khansa ya Kaposi, imene imatuluka ngati zigamba zakuda pakhungu makamaka m'miyendo, ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri pakati pa amuna, ndipo mankhwala ake a diripi nthawi zambiri amakhala paclitaxel, kapena vincristine pamodzi ndi bleomycin. Amuna a msinkhu umenewu ndi omwewo amene ali pa njinga.

Dzanzili limayamba ngati kunyerenyesa kapena kubayabaya ku zala zakumapazi, kenako ku zala zakumanja. Limaunjikana: diripi yoyamba simumva kanthu, yachitatu kapena yachinayi mumayamba kuona kuti mabatani a malaya akukuvutani. Nthawi zina limapitirira kukula kwa milungu ingapo mankhwala atatha, makamaka ndi cisplatin ndi oxaliplatin. Vincristine ili ndi vuto lina lapadera, imatha kufooketsa minofu yokweza phazi moti phazi limalendewera, munthu n'kumapunthwa pa zinthu zazing'ono. Minofu imeneyo ndi yomweyo imene imakweza giya. Wokwera njinga amayamba kuona kuti giya ikukana kulowa, amapita kwa makaniko, makaniko sapeza vuto, pamene vuto lili m'phazi.

Dziyezeni nokha m'mawa uliwonse umene mukufuna kukwera. Mangani mabatani a malaya osayang'ana. Tolani ndalama yachitsulo pa tebulo mutatsinzina. Yendani ndi zidendene zokha masitepe 10, zala zili m'mwamba. Imani ndi mwendo umodzi masekondi 10, kenako winawo, muli pafupi ndi khoma. Mukatero khalani pa njinga injini ili yozima, yang'anani kutsogolo, ndipo pondani buleki yakumbuyo kasanu osaiyang'ana. Ngati phazi likuiphonya, kapena simukumva kuti mwaiponda mpaka mutayang'ana pansi, tsiku limenelo si lokwera.

Kamodzi pa sabata pitani pa bwalo la mpira kapena malo ena opanda anthu. Jambulani mzere pansi, fikani pa mzerewo pa liwiro la makilomita 30 pa ola, gwirani mabuleki onse awiri, ndipo ikani mwala pamene mwaima. Ngati sabata ndi sabata mwalawo ukusunthira patali, kapena tayala lakumbuyo layamba kukhukhuluzika chifukwa mukuponda mopitirira osadziwa, ndiye kuti dzanzi lakula kuposa mmene mukuganizira. Zungulirani pang'onopang'ono mojambula nambala 8. Kilatchi ikamakupulumukani m'manja pa liwiro laling'ono chonchi, idzakupulumukaninso pa mphambano ya misewu.

Chofunika kwambiri n'chakuti musabise dzanzi kwa dokotala poopa kuti akusiyitsani mankhwala. Akamva msanga akhoza kuchepetsa mlingo, kutalikitsa masiku, kapena kusintha mankhwala, ndipo mitsempha imakhala ndi mwayi wobwerera. Mukachedwa, dzanzi likhoza kukhala mpaka kalekale, njinga n'kuisiyiratu.

Mwendo wa dzanzi uli ndi mdani wina, ekizozi. Munthu wabwinobwino akakhudza paipi yotentha amachotsa mwendo nthawi yomweyo. Wa dzanzi amazindikira atamva fungo kapena ataona thuza madzulo. Ngati mwendowo ndi wotupa kale chifukwa cha Kaposi, bala lake limatenga miyezi ndipo limalowa tizilombo mosavuta. Chitsulo chotchinga ekizozi chikhalepo ndipo chimangidwe bwino, buluku likhale lalitali ndi lolimba, nsapato zikhale zofika pa kakolo. Masilipasi ndi nkhwaila ayi. Mukafika kunyumba vulani nsapato ndi kuyang'ana mapazi onse, pansi ndi pakati pa zala.

Oxaliplatin, amene amaperekedwa pa khansa ya m'matumbo, amadana ndi kuzizira. Kwa masiku angapo mutalandira diripi, kukhudza chitsulo chozizira kumapweteka ngati magetsi, ndipo mpweya wozizira umatha kukupangitsani kumva ngati kukhosi kwatsekeka. M'mawa wa mwezi wa June kapena July ku Dedza, kapena chiperoni chikawomba ku Thyolo, si nthawi yogwira zitsulo za buleki ndi manja otere. Capecitabine, amene ndi mapiritsi, amafiiritsa ndi kusenda zikhatho ndi mapazi, ndipo kutentha, kukhuzika ndi kunjenjemera kwa mahandulo kumawonjezera vutolo. Pakani mafuta opanda fungo kawiri kapena katatu pa tsiku, ndipo khungu likayamba kung'ambika kapena kutuluka matuza, siyani njinga ndi kudziwitsa achipatala musanamwe mapiritsi ena.

Masiku a kemo sali ofanana

Kemo (mankhwala amphamvu opha khansa, monga a diripi aja) yambiri imaperekedwa mozungulira, milungu iwiri kapena itatu iliyonse, ndipo thupi limatsika ndi kukwera motsatira kalendala imeneyo. Titenge ya masiku 21.

Tsiku la diripi ndi lotsatira lake njinga ikhale kunyumba. Asanakupatseni paclitaxel amayamba akupatsani mankhwala oletsa kuti thupi lisadane nayo, ndipo ena mwa iwo, monga Piriton, amagonetsa. Paclitaxel yeniyeniyo imasungunulidwa m'madzi okhala ndi mowa, moti munthu amatuluka m'chipatala mutu uli wopepuka ngakhale sanamwe kanthu. Dexamethasone amachita zosiyana, amakusowetsani tulo ndi kukupatsani mphamvu zabodza, moti mumadziona ngati muli bwino pamene usiku wonse simunagone. Anthu ambiri amachokera kutali kukalandira mankhwala ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Konzeranitu za ulendo wobwerera. Ngakhale kukwezedwa kumbuyo pa kabaza tsiku limenelo n'koopsa, chifukwa munthu wosinza sagwira zolimba. Ngati palibe njira ina yofikira kumudzi, uzani woyendetsayo kuti mwachokera ku diripi, ayende pang'onopang'ono, ndipo mumugwire m'chiuno osati pa chitsulo chakumbuyo.

Kuyambira tsiku lachiwiri mpaka lachisanu ndi nthawi ya nseru, kuphwanya m'thupi ndi kutopa. Kutopa kwa kemo sikufanana ndi kwa kumunda, sikutha ndi kugona, ndipo kumatha kukugwerani mwadzidzidzi muli pakati pa ulendo.

Pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 ndi pamene pali msampha. Nseru yatha, chakudya chayamba kukoma, munthu akumva kuti wachira. Koma ndi nthawi imeneyi pamene asilikali a m'magazi amakhala atatsika kwambiri, pamodzi ndi ma platelet, tizigawo timene timathandiza magazi kuundana munthu akavulala. Kukalika pang'ono pa bondo, kumene tsiku lina mukanangopukuta, masiku amenewa kukhoza kubweretsa matenda a m'magazi. Ngati mukwera, ukhale ulendo waufupi, pa msewu umene mumaudziwa, kopanda magalimoto ambiri. Masiku abwino oyenda ulendo wautali ndi a sabata yachitatu, magazi atabwerera, diripi ina isanafike.

Nthawi iliyonse asanakupatseni kemo amayeza magazi. Pemphani kuti manambala atatu alembedwe m'buku lanu la kuchipatala ndipo muwadziwe. Ma platelet a munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 150 ndi 400. Akatsika kufika pansi pa 50, musakwere, chifukwa kugunda mutu ngakhale muli ndi chisoti kukhoza kuchititsa magazi kutayikira mkati mwa chigaza. Pakati pa 50 ndi 100 kambiranani ndi dokotala. Ma neutrophil, amene ndi gulu la asilikali olimbana ndi mabakiteriya, akakhala pansi pa 1.0 chitetezo chachepa, ndipo pansi pa 0.5 chachepa koopsa. Hemoglobin, imene anthu amangoti kuchuluka kwa magazi, ikatsika pansi pa 10 ambiri amayamba kupuma mwawefuwefu ndi kumva chizungulire akadzuka msanga, ndipo pansi pa 8 si nthawi yokhala pa mahandulo. Koma kumbukirani kuti manambala amene mwapatsidwa tsiku la diripi ndi a pamwamba. Pakatha masiku 10 amakhala atatsika. Zizindikiro zoonekera kunja ndi monga kutuluka magazi m'nkhama potsuka mano, kamfuno, mikwingwirima yosadziwika chiyambi chake, ndi timadontho tofiira pakhungu.

Gulani choyezera kutentha kwa thupi ndipo chiziyenda nanu. Kutentha kwa madigiri 38 kapena kuposa pamene muli pa kemo ndi nkhani yothamangira nayo kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Musangoti ndi malungo n'kugula mankhwala pa golosale, ndipo musamwe Panado kuti muone ngati kutsike. Akhoza kukhala malungo ndithu, koma akhozanso kukhala mabakiteriya m'magazi, amene kwa munthu wopanda asilikali amapha pa maola ochepa. Ndipo kuchipatalako wina akutengereni, musayendetse nokha.

Mankhwala oletsa ululu

Morphine wamadzi, amene amaperekedwa m'zipatala za boma komanso kumalo osamalira odwala matenda okhalitsa monga Tiyanjane ku Blantyre ndi Ndi Moyo ku Salima, ndi mankhwala abwino ndipo sayenera kuopedwa. Ululu wosathetsedwa nawonso umasokoneza kuyendetsa. Koma mukangoyamba kumwa, kapena mlingo ukangokwezedwa, thupi limafuna masiku angapo kuti lizolowere, ndipo masiku amenewo, osachepera asanu, njinga ipume. Chimodzimodzi tsiku limene mwamwa mlingo wowonjezera chifukwa ululu unabuka. Tramadol, codeine, promethazine, komanso amitriptyline ndi gabapentin amene amaperekedwa pa ululu wa dzanzi lija, onse amagonetsa, ndipo mukawaphatikiza awiri kapena atatu mphamvu yawo imakula kwambiri. Amitriptyline womwa usiku amatha kukusiyani mutu uli wolemera mpaka dzuwa litakwera, ndiye ulendo wa mbandakucha sugwirizana naye. Mowa pamwamba pa mankhwala amenewa, ngakhale botolo limodzi, ayi.

Brufen, Indocid, diclofenac ndi aspirin musamwe popanda kufunsa. Amawonjezera kutaya magazi pamene ma platelet ali otsika, ndipo amalemetsa impso zimene cisplatin wazilemetsa kale.

Amene ali pa mapiritsi kapena jakisoni wa zaka zambiri

Awa ndiwo ali ndi mwayi waukulu wokwera njinga mosavutika, koma aliyense ali ndi chake choyang'anira.

Imatinib, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 2001, anasintha CML kukhala matenda amene munthu amakhala nawo zaka zambiri. Amamwedwa kamodzi pa tsiku, nthawi zambiri mamiligalamu 400, pamodzi ndi chakudya ndi kapu yaikulu ya madzi. Vuto lake kwa wokwera njinga ndi kukokana kwa minofu ya m'manja ndi m'akatumba a miyendo, kutupa kuzungulira maso m'mawa, ndi kutsekula m'mimba. Dzanja likakokana muli pa kilatchi mumzere wa magalimoto, palibe chochita koma kupatuka. Imwani madzi okwanira, tambasulani zala musananyamuke, ndipo ngati kukokanako kukubwerezabwereza pemphani kuti ayeze mchere wa m'magazi. Chinthu china chimene ambiri sadziwa n'chakuti pa chiyambi cha CML kapamba amakhala wotupa, ndipo kapamba wotupa amang'ambika mosavuta munthu akagwera kumanzere kapena akagunda mimba pa mahandulo. Dikirani mpaka dokotala atatsimikiza kuti waphwa.

Tamoxifen, amene amayi a khansa ya m'mawere amamwa zaka 5 mpaka 10, amawonjezera mpata woti magazi aundane m'mitsempha ya m'miyendo. Khansa payokha imachitanso zomwezo. Kukhala maola angapo mawondo ali opinda, thupi lili louma ndi ludzu, ndiko kumene vutoli limakonda. Pa ulendo wonga wochokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre, umene ndi makilomita opitirira 300, tsikani ola lililonse, yendaniyendani mphindi zisanu, imwani madzi. Mwendo umodzi ukatupa, kutentha ndi kupweteka, kapena mukayamba kubanika ndi kumva kubaya m'chifuwa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo musausisite mwendowo.

Abambo a khansa ya prostate (kachiwalo ka abambo kokhala pansi pa chikhodzodzo) amene akubayidwa jakisoni wotsitsa mahomoni aamuna, kapena amene anachitidwa opaleshoni ya cholinga chomwecho, amataya mphamvu za minofu pang'onopang'ono ndipo mafupa awo amapyapyala. Njinga imene chaka chatha ankaiimika pa sitandi yapakati mosavuta imayamba kulemera. Kuyenda pansi tsiku ndi tsiku, ndi kukhala n'kudzuka pa mpando kakhumi osagwira ndi manja, kawiri pa tsiku, kumasunga miyendo. Thupi limathanso kutentha mwadzidzidzi ndi kutuluka thukuta, choncho valani malaya a thonje mkati ndi jekete lotsegulika msanga.

Pamene njinga iyenera kuima ndithu

Pali zinthu zingapo zimene sizifuna kunyengerera. Ngati khansa yafika m'mafupa, makamaka a msana, a m'chiuno kapena a ntchafu, dzenje limodzi la pamsewu likhoza kuthyola fupa popanda kugwa n'komwe. Musakwere, kaya kutsogolo kaya kumbuyo, mpaka dokotala ataona zithunzi ndi kukuuzani kuti fupalo lingapirire. Kupweteka kwa msana kwatsopano kumene kukuzungulira ngati lamba, kufooka kwa miyendo, kapena kulephera kugwira mkodzo ndi chimbudzi, ndi chizindikiro chakuti mtsempha waukulu wa mumsana ukupanikizidwa, ndipo maola ochepa akhoza kusiyanitsa kuyenda ndi kulumala. Ngati khansa yafika mu ubongo, kapena munakomokapo ndi kugwedezeka ngati khunyu, kapena mukuona zinthu ziwiriziwiri, kuyendetsa kwatha kufikira madokotala atanena china. Mukachitidwa opaleshoni ya m'mimba, pamafunika milungu pafupifupi 6 musananyamule cholemera, ndipo kugwira njinga imene ikupendekeka n'kunyamula cholemera. Amene akumwa kapena kubayidwa mankhwala osungunula magazi, monga warfarin kapena enoxaparin, adziwe kuti ngozi yaing'ono kwa iwo ndi yaikulu, ndipo akambirane ndi dokotala asanaganize zobwerera pamsewu.

Kukonza njinga kuti igwirizane ndi thupi

Zambiri mwa izi ndi zotchipa. Kilatchi yolimba nthawi zambiri imakhala chifukwa cha kebulo youma kapena yoyamba kuduka. Ithireni oyilo kapena igulidwe yatsopano, ndipo pa nsonga ya chogwirira pakhale mpata wa mamilimita 10 mpaka 20 isanayambe kukoka. Masulani pang'ono mabawuti a zogwirira za buleki ndi kilatchi, muzitembenuzire pansi mpaka dzanja ndi mkono zikhale mowongoka mutakhala pa mpando, kenako mangani. Mkono wopindika umapanikiza mitsempha imene yavulala kale. Zogwirira zokulirapo ndi zofewa pa mahandulo zimachepetsa kunjenjemera ndipo sizifuna kufinya mwamphamvu. Tcheni chokhwepa kapena chothina chimagwedeza njinga, choncho chikhale ndi mpata wa mamilimita 20 mpaka 30 pakati pake, kapena monga buku la njingayo likunenera. Mpweya wa m'matayala uyezedwe ndi geji matayala ali ozizira, osati kungofinya ndi chala.

Ngati phazi likuvutika kukweza giya, chosinthira giya cha mbali ziwiri, chopondera kutsogolo ndi ku chidendene, chimathandiza chifukwa mumangoponda pansi mbali zonse. Boxer imabwera nacho kale, ndipo pa njinga zina makaniko akhoza kuika. Batire likhale lamoyo kuti muzilizira pa batani, chifukwa kiki imafuna kuima ndi mwendo umodzi ndipo ikabwerera imamenya msongolo. Gwiritsani sitandi yam'mbali. Ngati dzanja lamanzere lafooka kwambiri, njinga zopanda kilatchi ya pamanja, kapena sikuta, zimachotsa ntchito imodzi yonse, ngakhale matayala ang'onoang'ono a sikuta savomerezana ndi misewu ya fumbi.

Chisoti chimafuna chidwi chapadera. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanenapo kuti chisoti chovalidwa bwino chimachepetsa imfa pa ngozi ndi pafupifupi 40 peresenti, ndi kuvulala kwambiri m'mutu ndi pafupifupi 70 peresenti. Koma tsitsi likathothoka ndipo nkhope ikaonda, chisoti chimene chinkakukwanani chimayamba kugwedera. Chivaleni, mangani lamba, chigwireni ndi manja awiri ndi kuchipotoza. Ngati chikuzungulira pamene mutu uli chilili, chakula. Kachipewa kopyapyala ka thonje mkati kamathandiza ndiponso kamateteza khungu la pamutu, koma ngati chikugwederabe, pamafunika chaching'ono. Pakati pa lamba ndi chibwano palowe zala ziwiri basi. Magolovesi avalidwe nthawi zonse, koma akhale okwana bwino, chifukwa okhuthala kwambiri amachotsa kumva pang'ono kumene kwatsala m'zala. Mayi amene anachotsedwa bere pamodzi ndi timwanabere ta kukhwapa apewe chilichonse chothina pa mkono wa mbali imeneyo, ngakhale lamba wa chikwama, ndipo katundu amangidwe pa keriyala m'malo momubereka.

Dzuwa, fumbi ndi madzi

Kutentha kwa mwezi wa October ku Chikwawa, ku Nsanje kapena ku Salima kumaumitsa munthu wathanzi, nanji amene wakhala akusanza kapena kutsekula m'mimba. Mphepo ya panjinga imaumitsa thukuta msanga moti simuzindikira kuti mukutaya madzi. Nyamukani m'mawa, pumani masana, tengani madzi osachepera malita awiri owiritsa kapena othira WaterGuard, ndi paketi ya Thanzi ORS imene imasungunulidwa mu lita imodzi. Mkodzo ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, mwauma kale. Ngati dzulo munatsekula m'mimba kangapo, lero si tsiku la ulendo. Mankhwala monga capecitabine, 5-FU ndi methotrexate amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa, chimodzimodzi malo amene anawotchedwa ndi makina a radiotherapy, choncho phimbani khosi, mikono ndi kuseri kwa manja.

Amene akulandira bleomycin asamale mapapo. Chifuwa chouma chosatha kapena kubanika kwatsopano musati ndi fumbi la panjira chabe, kauzeni dokotala diripi ina isanaperekedwe. Pa misewu ya fumbi valani masiki pansi pa chisoti ndipo musatsatire lole kumbuyo.

Pa masiku amene asilikali ali otsika, idyani chakudya chimene chaphikidwa mukuona ndipo chili chotentha, ndi zipatso zosenda nokha monga nthochi ndi manachesi. Kanyenya wogona pa chiwaya ndi saladi wa m'mbali mwa msewu zidikire. Mankhwala anu, pamodzi ndi ma ARV ngati mumamwa, aikeni m'thumba la mkati mwa chikwama, kutali ndi injini ndi dzuwa, ndipo tengani a masiku awiri owonjezera chifukwa njinga imatha kufera panjira.

Misewu yokhotakhota yotsika mapiri, monga ya ku Golomoti, ya ku Chiweta, kapena yotsikira ku Chikwawa, ndi yokoma kwa wokonda njinga koma imafuna zala zakumva bwino kwa nthawi yaitali osapuma. Isungireni sabata yachitatu, tsikani ndi giya yotsika kuti injini ikuthandizeni kugwira, ndipo muyende ndi mnzanu. Usiku ndi mvula zisiyeni. Munthu wina kunyumba adziwe njira imene mwadzera ndi nthawi yobwerera.

Wa kabaza ali ndi mtolo wina, chifukwa iye sakwera ola limodzi koma tsiku lonse, ndipo kumbuyo kwake kuli moyo wa munthu wina. Kumuuza kuti angosiya n'kosavuta kwa amene ali ndi malipiro a pamwezi. Chotheka n'kugawa mwezi motsatira kalendala ya mankhwala: masiku oipa njinga ibwerekedwe kwa mnzake wokhulupirika pa mtengo wogwirizana, masiku abwino agwire ntchito m'mawa mokha, maulendo afupiafupi, wokwera mmodzi, popanda matumba a chimanga kapena makala. Koma ngati walephera kuyeza kwa buleki kuja, asanyamule munthu.

Mukagwa

Zimitsani injini, chokani pamsewu, khalani pansi kaye. Musathamangire kudzutsa njinga, itanani anthu akuthandizeni. Bala lililonse litsukidwe ndi madzi oyera ambiri ndi sopo kwa mphindi zingapo mpaka mchenga wonse utachoka. Ngati likutuluka magazi, lipanikizeni ndi nsalu yoyera mphindi 10 zathunthu osasuzumira. Musathiremo petulo, mafuta a mabuleki, dothi kapena mankhwala a zitsamba. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale bala likuoneka laling'ono, ndipo funsani za jakisoni wa kafumbata.

Ngati mutu unagunda, ngakhale chisoti sichinasweke ndipo mukumva bwino, kaonedweni, chifukwa magazi otayikira mkati amatha kuonetsa zizindikiro patapita maola. Mutu wopweteka mowonjezereka, kusanza, kusinza, kusokonezeka, kupweteka kumanzere kwa mimba kapena pa phewa lamanzere, zonsezi ndi zothamangira nazo. Usiku woyamba musagone nokha m'nyumba. Chisoti chimene chagunda pansi mwamphamvu chatha ntchito ngakhale chikuoneka chabwino kunja.

Achipatala cha pafupi ndi malo a ngozi sakudziwani, ndipo mwina simudzatha kulankhula. Buku la kuchipatala liziyenda nanu m'pulasitiki, ndipo m'thumba la jekete mukhale kapepala kolembedwa dzina lanu, mtundu wa khansa, mayina a mankhwala onse, tsiku limene munalandira kemo yomaliza, manambala a magazi omaliza, ndi nambala ya foni ya wachibale ndi ya kuchipatala kumene mumalandira chithandizo. Kapepalako kalembedwenso mwatsopano tsiku lililonse la diripi.